Malo a Amayi Pambali pa Atate

Makau, 9 Meyi 1752

Okondedwa achimwene a Kam-tong,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a A-mui ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti Eufemia wanga akutsokomola, ndipo bambo ake, Anacleto, akadali ku Timor kokatenga mitengo yonunkhira ija. Chombo chawo sichibwera mpaka mphepo itatembenuka. Kalatayi akundilembera a Lo a pamsika monga kale, ndipo akubweretserani ndi Mai Fung a mazira a bakha. Muwapatse yankho, musangowapatsa tiyi.

Ndikudziwa kuti dzina langa silikoma m'kamwa mwanu chiyambire chaka chija amayi anabwera kudzandithandiza nditachira mwanayu, n'kudwala malungo, n'kufera m'manja mwanga. Ndinaitana wansembe nawabatiza, chipata cholowera kwanuko chinali chotseka, kunja kukutentha, ndiye tinawaika m'manda a tchalitchi. Munandinena zonse zimene munali nazo ndipo ndinamva. Lero sindikulemba za zimenezo.

Lamulungu lapitali Bambo Custodio, wansembe wathu, analengeza kuti nthomba ya chaka chatha yadzaza manda. Kumbali ya osauka, manda onse okwanitsa zaka zisanu adzafukulidwa likadzapita tsiku lopempherera akufa, nthawi imene inu mumakolola mpunga wachiwiri. Mafupa amakawataya m'chidzenje chimodzi kuseri kwa khoma la tchalitchi. Kwa Apwitikizi izi si zachilendo, anthu anangogwedeza mitu n'kupitiriza kupemphera. Ine ndinapita kukasuzumiramo. Achimwene, muli amalinyero, akapolo, makanda, onse mbwee ngati nkhuni zogwa pangolo. Amene walowa m'menemo simungamupezenso.

Amayi akukwanitsa zaka zisanu chaka chino. Bwerani ndi mtsuko mudzawatole, akagone pambali pa atate paphiri paja, monga ankanenera tsiku lililonse mpaka ife kutopa. Mundiuze tsiku ndidzakuchingamireni pachipata. Ngati mlamu anayanika nsomba, munditumizireko, za kuno n'zamchere wokhawokha.

Ndine mlongo wanu,
Sau-lin

Paksha, mwezi wachisanu, chaka cha Nyani

Sau-lin,

Tili moyo. Mlamu wako ndiye malungo akumubwerabwera. Nsomba ndapatsira Mai Fung, ngati sadyako panjira.

Nkhani yako ndinapita nayo kwa a Mak osankha masiku. Anatsegula buku lawo, natuluka kukayang'ana phiri, nabwerera akupukusa mutu. Anati, "Chaka cha Nyani? Phiri limenelo? Iwe Kam-tong, ukufuna kuika maliro angati chaka chino?" Chaka chino phirilo silikumbidwa, ngakhale kuzula udzu. Ndiponso munthu satoledwa asanakwane zaka zisanu ndi ziwiri, dothi lisanamalize ntchito yake. Iwe zimenezi unazidziwa usanaphunzire kudya ndi foloko. Chaka chabwino ndi cha Galu. Amayi adikira zaka zisanu pakati pa alendo, ziwiri siziwapha kawiri.

Za wansembe wakoyo, usandiseketse. Ndi liti mzungu anachita kanthu mu Makau popanda kutambasula dzanja? Akufuna siliva ameneyo, ndipo wadziwa kuti mwana wamkazi akamva za chidzenje athamanga. Mwamuna wako wamphuno zazitaliyo akabwera ndi mitengo yake, mutengeko pang'ono mukamutseke pakamwa. Unadziwa kumuitana kuti adzathire amayi madzi ali chikomokere, udziwanso kumuuza kuti adikire.

Tsono mvera, ndipo a Lo akuwerengere kawiri. Usakhudze. Chigaza cha mayi amanyamula ndi mwana wamwamuna, pansi pa ambulera kuti dzuwa lisaone mafupa, pa tsiku losankhidwa, lubani akufuka. Iwe unakwatiwa, ndiwe wa nyumba ina, ndipo nyumba yakeyo ngakhale dzina la agogo awo salidziwa. Unatilakwira kamodzi, kwakwana.

Akuti azungu ali ndi khungwa lowawa lochiza malungo. Ukalipeza utumize la mlamu wako. Abambo aakulu a Chung akufunanso fodya wa m'mphuno wa ku Makau, akuti wa kuno sawayetsemulitsa.

Kam-tong

Makau, 20 Ogasiti 1752

Achimwene,

Moni nonse. Khungwa lija ndi ili, alamu aziliviika m'madzi otentha, asalavule ngakhale liwawe. Fodya wa abambo aakulu alinso momwemo. Mundiuze ngati malungo atsika.

Ndinachita zimene munanena. Anacleto atafika ndinatenga siliva, ndinamanga pakansalu, ndinapita kwa Bambo Custodio. Ndinawapeza akusoka okha nsapato yawo. Atamasula kansaluko anandiyang'ana nthawi yaitali mpaka ndinachita manyazi.

Ananditchula dzina langa la ubatizo nati, "Bibiana, mwana wanga, ichi ndikwiriremo munthu? Ine ndikufuna dothi. Pita kwa nduna za mfumu yanu ukaziuze zitilole kusuntha khoma la mzinda ngakhale mkono umodzi. Tikaika mwala umodzi kunja kwa khoma, mawa lake chipata chatsekedwa, mpunga kulibe."

Ndinati, "Zaka ziwiri zokha, Bambo."

Anati, "Nanga amene amwalire mawa ndimuuze adikire zaka ziwiri? Amayi ako ali kwa Mulungu. Mafupa adzawasonkhanitsa yekha tsiku lomaliza, sadzasokoneza."

Ndinati, "Mulungu sadzasokoneza, koma atate agona okha mpaka tsiku limenelo?"

Apo anakwiya. Anati zogwadira akufa ndi zofukiza lubani zinaletsedwa kuchokera ku Roma, ndipo mkhristu wozichita sayandikira mgonero. Koma pondiperekeza pakhomo ananena chapansipansi kuti wachibale akabwera ndi chotengera pa tsikulo, iwo sadzakhala akuyang'ana kumanda, adzakhala akuwerenga buku. Si munthu woipa, achimwene. Siliva anandibwezera yense.

Ndiye si nkhani ya dzanja ayi. Mukuganiza kuti ndikukunamizani kuti ndipindulepo chiyani? A Lo akukana kulemba mawu amene ndanena apa, akuti mkazi satchula mchimwene wake choncho, ndiye ndawauza angolemba kuti ndinu ouma mutu.

Kunonso zinthu sizili bwino. Mmalinyero wina wabaya wogulitsa nsomba padoko, nduna zikufuna aperekedwe kuti akamunyonge, akulu a mzinda akumubisa. Aliyense akugula mpunga wosunga. Bwerani chipata chisanatsekedwe. Ngati phiri silikumbidwa, mtsuko ungathe kudikira pansi pa mtengo monga imadikirira ya anthu ena. Mukalephera, ndiloleni ine. Mawu amodzi okha andikwanira.

Sau-lin

Makau, 14 Disembala 1752

Achimwene,

Chipata chatsegulidwa dzulo ndipo Mai Fung ndi awa, awonda ngati ife tomwe. Ndinawafunsa kalata yanu, anatambasula manja opanda kanthu. Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji? Ife tadya phala lamadzi mpaka mmalinyero uja anaperekedwa.

Ndinadikira mawu anu mpaka m'mawa wa tsiku lofukula manda. Sanabwere. Tsono ndikuuzani zimene ndachita, ndipo ndikuuzani ndekha musanamve kwa ena.

Mtsuko sunapezeke mumzinda monse, oumba ali kunja kwa chipata. Anacleto anandipatsa bokosi la tiyi lopanda kanthu, ndinayalamo nsalu yofiira. Anati, "Ine sindikuona, sindikumva, ndili kudoko." Ndinanyamula bokosi, ambulera ndi botolo la mowa wa mpunga, ndinapita ndekha.

Okumba anali akapolo awiri a tchalitchi. Anali atafukula kale manda angapo, akungowolera m'dengu ndi fosholo. Atafika pa amayi ndinagwira fosholoyo ndi manja awiri. Wamkuluyo, Benedito, anati, "Mayi, ife tili ndi mzere wonsewu dzuwa lisanapendeke." Ndinati, "Awa ndi amayi anga." Anandiyang'ana, nayang'ana mnzake, kenaka anatenga ambulera m'manja mwanga, naitambasula, naima pamwamba pa dzenje. Anaigwira mpaka ndinamaliza, osasuntha. Dzuwa silinawaone amayi, achimwene, limenelo ndikulumbira.

Ndinatsikamo. Dothi linali litamaliza ntchito yake, a Mak asade nkhawa. Ndinayambira kumapazi monga ndinaonera pa agogo ndili mwana, kupukuta lililonse ndi mowa, kuliika pamalo pake. Chibangili chobiriwira chija chinali padzanja. Chala chimene chinathyoka pamphero ndinachizindikira. Ndinasefa dothi ndi zala kuti kafupa kakang'ono kasatsale. Pofika pamutu manja anakana, chifukwa mawu anu anali m'khutu. Ndinaima m'dzenjemo ndikulira ngati mwana, mpaka mnzake wa Benedito anayamba kukoka dengu kubwera nalo. Pamenepo ndinawanyamula. Ndinati, "Amayi, ndine Sau-lin, Kam-tong watsekeredwa kunja, musakwiye."

Lubani sindinafukize, tsiku silinasankhidwe, wonyamula ndi ine. Zonsezo ndikuzidziwa. Koma ali onse, palibe chatsala, ndipo sali m'chidzenje. Ali m'nyumba mwanga. Bwerani ndi mtsuko tsiku la msika lililonse, mudzakonze zimene ndalakwitsa.

Sau-lin

Paksha, mwezi woyamba, chaka cha Tambala

Sau-lin,

Ukufunsa za mlamu wako. Mlamu wako tinaika. Anamwalira mwezi wachisanu ndi chinayi, mpunga uli m'munda, ndipo nditawerengera ndi Mai Fung ndapeza kuti ndi masiku omwewo iwe unali m'dzenje ndi ambulera yako. Khungwa lako anamwa lonse. Wandisiyira ana atatu, wamng'ono akufunabe bere.

Usamati sindinabwere. Kalata yako yachiwiri itafika ndinagula mtsuko osauza a Mak, ndinaubereka kumsana mpaka pachipata. Ndinapeza chotseka. Ndinapempha, ndinagwada, msilikali anandigwaza ndi ndodo ya mkondo nati ndikapitiriza aswa mtsukowo pamutu panga. Ndinabwerera. Ndinkati mlongo wanga ndinamuuza kuti asakhudze, apeza njira, agona pamandapo ngati n'kofunika. Sindinadziwe kuti ulowamo wekha.

Kalata yako ndinaiwerenga pamaso pa akuluakulu a banja, chifukwa nkhani ya phiri si yanga ndekha. A Mak anangondiyang'ana, ndipo ndikanakonda akananditukwana. Abambo aakulu a Chung anati, "Mafupa othiridwa madzi a azungu, ofukulidwa ndi akapolo, otoledwa ndi mkazi wa eni ake tsiku la chisawawa, m'bokosi la malonda ngati katundu wopita ku Goa. Afukulidwa kokha, nyumba yataya mkazi. Akakwera phiri titaya angati?" Ananena akununkhiza fodya wako yemwe uja.

Chigamulo n'chakuti paphiri sakwera. Unatenga, sunga.

Palinso china. Nduna zamata chikalata pamsika chakuti banja lopezeka likuyenderana ndi olowa chipembedzo cha azungu lilandidwa minda. A Leung a kutsidya akwapulidwa kale chifukwa cha mwana wawo. Mai Fung ndawauza asabwerenso pakhomo panga. Usandilembere. Ndilibe mawu ena oti ndikuuze, ndipo amene ndili nawo si abwino.

Kam-tong

Makau, 2 Juni 1753

Achimwene,

Munati ndisalembe, ndapirira miyezi inayi. Iyi ndapatsira wogulitsa makala, sakudziwa kuti ndine yani. Ana ali bwanji? Wamng'onoyo akuyamwitsa ndani? Za alamu ndinalira mpaka Anacleto anandikalipira. Ngati ndi ine ndinawapha, Mulungu andilange ine. Koma malungo anawayamba ine ndisanagwire fosholo, inunso mukudziwa.

Amayi ali pansi pa bedi langa. Poyamba ndinkaopa kugona, tsopano ndazolowera, ndimawauza za mitengo ya zinthu pamsika. Eufemia anandiona ndikulankhula ndi bokosi, ndinamuuza zoona. Tsiku lililonse amapatula mpunga pambale yake n'kukaika pansi pa bedi, amati agogo sanadye. Ndamumenya kawiri, sakusiya, ndipo nyerere zatipeza.

Mwana sasunga pakamwa. Nkhani inafika kwa akazi a kutchalitchi, kuchoka apo kwa Bambo Custodio. Anandiitana nati, "Ndinati ndidzawerenga buku tsiku limodzi, sindinati chaka chonse. Wakufa m'nyumba, mbale ya mpunga pambali, umati anthu azitcha chiyani? Awatenge abale ako, apo ayi abwerere kuseri kwa khoma." Mgonero andiletsa mpaka nditasankha. Ndiye onani, kwanu amayi ndi a azungu, kuno ndi achikunja. Munthu amene moyo wake wonse sanakanganepo ndi nkhuku yomwe.

Anacleto wayamba kunena zosamuka. Malonda afa, ndipo kukumveka kuti nduna zifuna onse obadwira kumidzi amene anabatizidwa abwezedwe kwawo akalape pamaso pa boma. Akuti ku Timor akufuna mmisiri wa zombo wokhazikika. Mphepo yopita kumeneko imayamba Khirisimasi ikapita. Sindikukuopsezani, ndikungokuuzani.

Sindikupempha phiri. Pansi pa mtengo uliwonse wa ku Paksha, ngakhale kumalire a munda, bola azimva chinenero chawo. Yankhani, achimwene.

Sau-lin

Makau, 8 Januwale 1754

Achimwene,

Moni, ngati moni wanga mukumulandira. Kalatayi ndikuisiya kwa a Lo, chifukwa onyamula akusechedwa pachipata ndipo palibe akuvomera. Tsiku lina wina wa ku Paksha adzadutsa.

Tikunyamuka mawa. Mayina a obatizidwa ayamba kulembedwa ndipo langa lilipo. Ndikabwezedwa kwanuko Eufemia atsala, ndipo inu mulandidwa minda chifukwa cha ine. Anacleto wagulitsa nyumba.

Kuyambira mwezi wa khumi ndakhala ndikuima pachipata tsiku la msika lililonse, bokosi lili kumsana m'nsalu yoberekera. Alonda anafika pondizolowera, wina amati, "Mayi wa tiyi, lero mugulitsa?" Ndinaona a Leung, ndinaona mwana wa abambo aakulu akugulitsa nkhumba. Ndinamuitana ndi dzina lake la ubwana, anatembenuzira nkhope kwa nkhumba zake. Inu sindinakuoneni.

Dzulo ndinapita nawo kuseri kwa khoma. Ndinaima pamphepete pa chidzenje chija, Benedito anachotsa thabwa, anadikira. Ndinalephera. Ndinabwerera nawo kunyumba, ndipo Anacleto atandiona anangokhala pansi n'kugwira mutu. Anati, "Bibiana, amalinyero sayenda ndi wakufa. Akadziwa, tonse atisiya padoko." Ndinati sadziwa, ndi bokosi la tiyi ngati mabokosi ena onse m'chombomo. Anati, "Ndakwatira banja la amisala." Koma chingwe anamanga yekha, mfundo zake za kudoko.

Choncho amayi akupita ku Timor. Munthu amene ankatseka maso pokwera bwato lowolokera mtsinje wathu uja. Ndikafika ndidzawasunga pouma. Mtima wanu ukadzatsika, lembani kudzera kwa a Lo, chombo chimapita chaka ndi chaka, ndidzawatumiza ndi munthu wokhulupirika. Sindinawabe, achimwene. Ndinangosowa powasiya.

Mupsompsone ana, ngakhale musawauze kuti ndi ine.

Sau-lin

Paksha, mwezi wachiwiri, chaka cha Galu

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ndi mwana, ndi bambo akenso. Ife tilipo. Wamng'ono uja akuyenda tsopano, anamuyamwitsa mkazi wa a Leung.

Kalata yako ya wamakala ndinailandira chaka chatha. Sindinayankhe. Za ku Timor ndinkayesa ukundifinya kuti ndifulumire, monga ndinayesera za wansembe. Ndine wouma mutu, a Lo analemba zoona.

Chaka chino ndaphunzira chinthu chimene sindinkachidziwa. Mphasa imakula munthu akachoka. Ndimadzuka ndili kumbali kwanga, mbali inayo ili yozizira, ndipo palibe amene ndingamuuze. Tsiku lina ndinakwera phiri kukalambula pa atate. Pamwala paja dzina la amayi likadali lofiira, monga timalembera munthu amene sanafike. Ndinakhala pansi ndinati, atate, inu mwagona chonchi zaka zonsezi, ine chaka chimodzi chandikwana.

Abambo aakulu a Chung anatisiya m'nyengo yozizira. Maliro atatha ndinaimirira pamaso pa akuluakulu. Ndinati A-mui anadwala Sau-lin asanafukule, ndipo Sau-lin akanamvera ine bwenzi amayi ali m'dzala la azungu. Panali phokoso. Wina anati ndalodzedwa ndi fodya wa ku Makau. Koma a Mak anatsegula buku nati chaka cha Galu chafika, phiri latseguka, ndipo mafupa akasambitsidwa ndi madzi a masamba a manyumwa, mwana wamwamuna n'kuwasanja yekha mumtsuko, zakale zafafanizika. Anavomera, ena mokhumata.

Dzenje ndakumba ndekha, kumanzere kwa atate, sindinalole aganyu. Mtsuko uja ulipo. Ndibwera ndekha tsiku la msika, nduna zichite zimene zichite.

Ndikuwonjezera pansi pano ndili pa tebulo la a Lo. Ndinalowa mumzinda, ndinafunsa nyumba yako, ananditsegulira mkazi wachilendo. A Lo andipatsa kalata yako ndipo ndaiwerenga pamsika pompano anthu akundiyang'ana. Unaima pachipata miyezi itatu, ine ndili kumunda.

A Lo akuti iyi idikira chombo cha Khirisimasi, yankho lidzabwera ndi mphepo ya chaka chamawa. Ndidikira. Dzenje sindikwirira, ndavundikira matabwa ndi udzu. A Mak akuti likhoza kudikira ngati madzi salowa, ndiye ndizikwera kukaona mvula ikagwa. Uwatumize amayi ndi chombo chobwerera. Ukatha, bwera nawo wekha, udzaime pambali panga powatsitsa. Amene adzalankhule adzalankhula ndi ine.

Mchimwene wako,
Kam-tong

Lifau, ku Timor, 17 Meyi 1755

Okondedwa achimwene,

Moni kwa inu ndi ana. Kalata yanu yandipeza, yatha chaka panjira. Kuno kulibe a Lo, akundilembera ndi mlembi wa wamalonda wina wa kwathu, ndipo ndi yemweyo anandiwerengera yanu. Ndinamupempha abwereze pamene munati "mlongo wanga". Anabwereza. Kenaka ndinatuluka panja, ndipo papita masabata ndisanathe kubwera kudzayankha. Chombo chinyamuka mawa, ndiye lero ndilibe kothawira.

Tilipo. Eufemia wakula, akulankhula chinenero cha kuno kuposa chathu. Anacleto malungo amugwira kawiri koma akugwira ntchito.

Titachoka ku Makau masiku oyamba nyanja inali bwino. Bokosi linali m'kachipinda kathu pansi pa zovala. Ndinamuuza Eufemia kuti akatchula agogo ndimudula lilime. Sanatchule. Koma mpunga ankapatulabe mobisa, ndipo wophika anamuona akulowa nawo. Anamufunsa mwachifundo kuti kodi wabisa mphaka, mwana n'kunena.

Wophikayo sanauze munthu mpaka mphepo itayamba. Inali mphepo yoti sindinaionepo, achimwene. Mlongoti umodzi unathyoka, madzi akulowa, anthu akupopa mpaka manja kutuluka magazi. Anataya mbale zadothi, anataya mabokosi a tiyi weniweni, sizinathandize. Tsiku lachitatu masana anabwera pakhomo pathu, Apwitikizi, Amalayi ndi anthu akwathu omwe, onse pamodzi. Sindinaonepo anthu amenewa akugwirizana pa kanthu. Wa kwathu ndiye ankakuwa kwambiri: "Wakweza wakufa osamulipirira, osauza nyanja! Ukufuna tonse timuperekeze?"

Anacleto anaima pakhomo ndi nkhwangwa yake. Mkulu wa chombo anamuuza kuti sangathe kuwaletsa, ndipo akalowa okha sadzasankha pakati pa bokosi ndi mwini bokosi. Anacleto anatembenuka, nkhope ili mbuu, anati, "Bibiana, pali mwana."

Ndinati asawakhudze munthu, ndichita ndekha. Anandipatsa njira. Ndinamasula zingwe, ndinatsegula, ndinawaona onse ali m'malo mwawo monga ndinawasanjira. Ndinaikamo miyala iwiri yolemeretsa chombo kuti asayandame n'kumangozungulira. Ndinamanganso. Anacleto anandigwira m'chiuno kuti mafunde asanditenge, ine ndinatsitsa bokosi ndi chingwe pang'onopang'ono mpaka linakhudza madzi. Ndinawauza kuti, "Amayi, tsekani maso." Ndinasiya chingwe.

Mphepo sinaleke. Inawomba masiku ena awiri, ndipo palibe mmalinyero anandiyang'ana kumaso mpaka tinafika.

Ndamufunsa Anacleto kuti pamalopo pamatchedwa chiyani, kuti mwina mungapite kukaitana mzimu wawo. Akuti palibe dzina, panalibe chilumba kapena mwala, ndipo mkulu wa chombo yemwe sankadziwa pamene tinali. Ndakhala ndikuganiza kuti ndikanawasiya m'chidzenje chija bwenzi lero mukudziwa poti n'kugwada. Ndaganizanso kuti ndikanadikira chombo cha chaka chinacho. Maganizo amenewa ndimadzuka nawo, ndimagona nawo, sasintha kanthu. Chibangili sindinachotse, chinali chawo. Ndilibe ngakhale kafupa kamodzi koti ndikutumizireni.

Munandikhululukira za kale, ndipo ndasunga kalatayo. Za izi sindikupempha.

Kumeneko mvula yayamba kale. Musamakwerenso phiri kukaona matabwa. Kwirirani dzenjelo, achimwene, mutsendere bwino dothi, madzi angalowe kwa atate. Amayi sakubwera.

Ndine mlongo wanu,
Sau-lin